Kodi phokoso la usiku lingakweze BP ya munthu wachikulire?

Mayi wa ku Matawale analemba:

Akuluakulu nonse, ndabwera kudzapempha nzeru, makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito zaumoyo. Ndimakhala ku Matawale mumzinda wa Zomba ndi ana anga pamodzi ndi mayi anga ondibereka, omwe ndinawatenga kumudzi kuti azikhala kufupi ndi chipatala chifukwa ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Nyumba imene tikuchita lendi ndi yabwino ndithu, madzi ndi magetsi zilipo, koma inamangidwa pamalo ovuta. Kutsidya kwa msewu kuli malo omwera mowa amene amatulutsa masipika pakhonde kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu usiku, ndipo kuseri kwa mpanda wathu kuli tchalitchi cha malata chimene chimachita mapemphero a usiku wonse ndi zokuzira mawu, ngakhale kuti opempherawo sadzaza n'komwe mabenchi. Magetsi akazima sitipuma ayi, chifukwa mbali zonse ziwiri ali ndi majenereta. Masana ndiye kuli chigayo, njinga zamoto za kabaza ndi anyamata oika nyimbo m'mafoni, aliyense akufuna kuti nyimbo yake imveke kuposa ya mnzake.

Mayi amamwa mankhwala awo mokhulupirika, mchere tinachepetsa, ndipo tsiku lawo la kuchipatala sajomba. Komabe BP yawo sikutsika monga inkachitira ali kumudzi, ndipo Lolemba m'mawa amadzuka akudandaula mutu ndi kugunda kwa mtima. Ndikawafotokozera aneba amangoseka, amati iwo anazolowera kalekale ndipo gogo nawonso adzazolowera. Eni nyumba amanenanso zomwezo. Ana anga amagona ndithu ngakhale magalasi a mawindo akunjenjemera, motero nthawi zina ndimaganiza kuti mwina anebawo akunena zoona ndipo ineyo ndi amene ndikukuza nkhani.

Ndikufuna kudziwa ngati pali umboni weniweni woti phokoso limadwalitsa, kupatula kungotopetsa munthu. Kodi amene akuti anazolowerawo ndi otetezekadi, nanga ana amene akugona pakati pa chisokonezo chotere palibe chikuwachitikira? Ndikupemphanso malangizo a mmene ndingayendetsere nkhaniyi osadana ndi anthu, pakuti mwini malo omwera mowawo ndi munthu amene amathandiza kwambiri pa maliro m'dera lathu, ndipo ena mwa opemphera kutchalitchiko ndimatunga nawo madzi pampopi umodzi madzi akasiya.

Wazaumoyo wa ku Mulunguzi anayankha:

Mayi, simukukuza nkhani ayi. Phokoso la usiku likhoza kusokoneza BP, ndipo anebawo akunena zoona mbali imodzi yokha. Chimene chimazolowera ndi maganizo: munthu amasiya kukwiya, amasiya kutchera khutu, ndipo m'mawa sakumbukira kuti anadzidzimuka kangati. Thupi silizolowera chimodzimodzi. Pogona timatseka maso, koma makutu amagwirabe ntchito usiku wonse, n'chifukwa chake mayi woyamwitsa amadzuka khanda likangoti liyambe kulira. Phokoso likabwera mwadzidzidzi, kaya ndi njinga yamoto yodutsa pawindo kaya ndi mlaliki amene wakweza mawu, ubongo umalitenga ngati chenjezo la ngozi. Thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mofulumira, mitsempha ya magazi imachepa mpata, ndipo BP imakwera kwa kanthawi, zonsezi munthu asanatsegule n'komwe maso. Ofufuza amene amayeza anthu ali m'tulo amapeza kuti mtima umapitirizabe kudzidzimuka chotere ngakhale mwa anthu amene amanena kuti phokosolo linasiya kuwavutitsa.

Mwa munthu wabwinobwino BP imatsika usiku ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene mtima ndi mitsempha zimapumako. Munthu amene BP yake sitsika usiku amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima ndi sitiroko kusiyana ndi mnzake amene imatsika, ngakhale muyeso wawo wa masana utafanana. Tsono taganizirani gogo amene kale ali ndi vutoli, mausiku atatu otsatizana sabata iliyonse tulo tawo tikudukizadukiza. Kusowa tulo pakokha kumayenderananso ndi matenda a shuga, kunenepa, nkhawa ndi kupsa mtima msanga.

Phokoso limayezedwa m'madesibelo, ndipo anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 1999 kuti m'chipinda chogona phokoso losalekeza lisapose madesibelo 30 usiku. Mu 2018 linatulutsa malangizo ena a mayiko a ku Ulaya, onena kuti phokoso la magalimoto panja pa nyumba lisapose madesibelo 45 usiku, ndipo kafukufuku amene anaunikidwa pokonza malangizowo anaonetsa kuti phokoso la pamsewu likakwera ndi madesibelo 10, chiopsezo cha matenda otseka mitsempha ya mtima chimakwera ndi magawo pafupifupi 8 pa 100. Bungwe loona zachilengedwe ku Ulaya linanena mu 2020 kuti kumeneko phokoso limathandizira imfa za anthu pafupifupi 12,000 chaka chilichonse, komanso odwala mtima atsopano 48,000. Ziwerengerozi ndi za ku Ulaya, ndipo zikunena za magalimoto, sitima ndi ndege. Umboni wamphamvu uli pa tulo ndi pa matenda a mtima, pamene pa BP payokha kafukufuku amasiyana, ena amapeza kukwera pang'ono, ena sapeza kwenikweni. Ndanena izi kuti musamve ngati phokoso ndilo gwero la zonse.

Phokoso lathu la kuno ku Zomba, m'kuona kwanga, ndi loipa kuposa mkokomo wa magalimoto a mumsewu waukulu, chifukwa limabwera ndi mawu. Mkokomo wosasintha ubongo umatha kuukankhira kumbali, koma nyimbo ndi ulaliki umazitsatira ngakhale munthu asakufuna, ndipo zimati zikaleka n'kuyambanso mwadzidzidzi. Kuonjezera apo, anthu athu ambiri ali kale ndi BP yokwera. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Aneba anu amene akuti anazolowera, ndi angati anayezetsapo?

Musaiwalenso kuti gogo atachoka kumudzi zinasintha ndi zambiri. Kumudzi ankalima ndi kuyenda, kuno mwina amangokhala pakhonde. Kuno kuli buledi, mafuta ophikira ambiri ndi timibulu tokometsera ndiwo timene tili ndi mchere wochuluka ngakhale inu mutachepetsa wa m'supuni. Ngati mungapeze makina oyezera BP, muziwayeza m'mawa nthawi yofanana, atakhala pansi n'kupuma mphindi zisanu, ndipo muzilemba m'kope pamodzi ndi mmene usikuwo unalili. Pakapita masabata angapo mudzaona nokha ngati muyeso wa Lolemba ukusiyana ndi wa Lachinayi, ndipo kopelo mukalipereke kwa dokotala amene amawaona, pakuti iyeyo ndiye angasinthe mankhwala. Asunthireni kuchipinda chimene chili kutali ndi msewu, ngakhale chikhale chanu. Mapiritsi ogonetsa ogula pa okala musawapatse, chifukwa achikulire amawachititsa chizungulire ndipo amagwa usiku popita kuchimbudzi. Mukadzaona kamwa yapindika, mkono wafooka kapena lilime likulemera poyankhula, thamangirani nawo ku Zomba Central Hospital nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.

Mmisiri wa zitsulo wa ku Chinamwali anayankha:

Achemwali, za mtima adokotala afotokoza. Ine ndikambako za makutu, popeza ndine mmodzi wa anthu amene ankati anazolowera. Ndinakulira m'chigayo cha amalume anga, ndikuthira chimanga ndi kugwedeza thumba la ufa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako ndinaphunzira kuwotcherera zitsulo ndipo ndakhala ndi makina odulira ndi kupalira zitsulo m'manja kwa zaka zambiri. Poweruka m'makutu munkalira ndipo mawu a anthu ankamveka ngati akuchokera kuchipinda china, koma pofika m'mawa zinkatha, choncho sindinkalabadira. Inafika nthawi yoti kulirako sikunathenso. Lero m'mutu mwanga mumalira ngati nyenje za mwezi wa Okutobala, usana ndi usiku, ndipo kumakula kwambiri kukakhala chete.

Chovuta kufotokoza kwa amene sizinamuchitikire n'chakuti sindine wogontha kwenikweni. Mawu ndimawamva, koma sindiwatola bwino. Pa maliro kapena pa msonkhano wa kumpingo, anthu angapo akamayankhulira pamodzi, ndimangoona milomo ikugwedezeka n'kumavomera zinthu zimene sindinamve. Mawu a ana ndi a amayi ndi amene amandivuta kwambiri. Akazi anga amadandaula kuti ndimakalipa poyankhula ndiponso kuti wailesi ndimaikweza mopitirira, ndipo poyamba ankaganiza kuti ndimawanyalanyaza dala akamandiitana ali kukhitchini.

Ndinakayezetsa ku kiliniki ya makutu ya ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Amakulowetsa m'kachipinda kosamveka phokoso, n'kukuveka mahedifoni, ndipo ukamva kakulira umapereka chizindikiro. Papepala limene anandionetsa mzere unkayenda bwino, koma pa mawu ang'onoang'ono okwera unagwera pansi, ndipo anandiuza kuti umu ndi mmene khutu lowonongeka ndi phokoso limaonekera. Mkati mwa khutu muli timaselo ta tsitsi pafupifupi 15,000 timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita kuubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni kapena mankhwala othira m'khutu amene angatibwezeretse.

Muyeso umene akatswiri a chitetezo cha pantchito amagwiritsa ntchito ndi wakuti pa madesibelo 85 munthu asapose maola 8 patsiku, ndipo madesibelo 3 alionse oonjezera amadula nthawiyo pakati. Ndiye kuti pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, ndipo pofika pa 100, pamene makina anga odulira zitsulo amafika mosavuta, ndi mphindi 15 zokha. Wopanda choyezera akhoza kudziwa chonchi: ngati mukuyenera kukuwa kuti munthu amene mwatalikirana naye mkono umodzi akumveni, malowo akuwononga makutu anu.

Sindikuganiza kuti nyimbo za kutsidya kwa msewu zingagonthetse gogo ali m'nyumba, iwo vuto lawo ndi tulo. Amene ndimawamvera chisoni ndi atsikana ogulitsa mowa amene amaima pafupi ndi masipikawo usiku wonse, anyamata a m'zigayo, komanso ana. Pa chinkhoswe kapena pa ukwati mudzaona ana ang'onoang'ono ataunjikana kutsogolo kwenikweni kwa masipika akuvina, ndi amayi akuponya ndalama pa perekaniperekani khanda lili kumsana, khutu lake litayang'ana bokosi lalikululo. Anyamata anga kushopu ndimawakakamiza kuvala zotseka m'makutu zenizeni, chifukwa thonje limene tinkaika kale silithandiza kwenikweni. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limaika udindo woteteza antchito pa wolemba ntchito, koma ine sindinachite kudikira lamulo, ndinangoona zimene zinandichitikira. Tsono mukamva munthu akunena kuti phokoso silimuvutitsanso, nthawi zina n'chifukwa chakuti makutu ake anayamba kale kufa.

Wobwereketsa zokuzira mawu anayankha:

Pepani akuluakulu, ndilankhulako monga mmodzi wa amene akuimbidwa mlandu pano, pakuti ine ndimadyera ntchito imeneyi. Ndimabwereketsa masipika pa maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mipingo ndi pa maliro, ndipo ana anga amaphunzira ndi ndalama yomweyi. Zimene adokotala ndi achimwene a ku Chinamwali anena sindikuzikana, ine ndemwe ndimabwera kunyumba m'makutu mukulira. Koma ndikupempha kuti nkhaniyi tisaitenge ngati pali anthu oipa mbali ina ndi anthu abwino mbali ina.

Amene amalamula kuti tikweze ndi makasitomala. Ndikatsitsa pang'ono kumabwera wapampando wa komiti ya ukwati kudzandifunsa ngati zida zanga zili zofooka, ndipo mawa lake mbiri imamveka tauni yonse kuti zida za uje sizigunda. Anthu omwewo amene amadandaula za malo omwera mowa Loweruka usiku ndi amene amafuna kuti chinkhoswe cha mwana wawo chimveke mpaka kumsika. Ambiri timamva phokoso la mpingo wa eni ake, la mpingo wathu timati ndi chitsitsimutso. Mwini malo omwera mowa naye akatsitsa nyimbo, makasitomala amapita kwa mnzake wapafupi amene sanatsitse, choncho kumupempha yekha n'kumuuza kuti ataye malonda.

China n'chakuti miyeso ya ku Ulaya imene yatchulidwayo inalembedwera anthu okhala m'nyumba za makoma ochindikala ndi mawindo a magalasi awiri. Ife timakhala m'nyumba za malata zopanda siling'i, zokhala ndi mabowo olowetsa mpweya pamwamba pa mawindo, pa mapuloti oti ukatsokomola aneba amva. Zomba ya m'mbali mwa phiri, imene inamangidwa mzindawu uli likulu la dziko chisanafike chaka cha 1975, ili ndi mabwalo aakulu ndi mitengo, ndipo kumeneko anthu amagona bwino. Ku Chikanda, ku Mpondabwino kapena ku Matawale kumene kuli anthu ambiri, chigayo, tchalitchi, nyumba zogona ophunzira a ku yunivesite ndi malo omwera mowa zili khomo ndi khomo. Madesibelo 30 m'chipinda chogona kumeneko ndi maloto, ngakhale ife tonse obwereketsa masipika titasiya ntchito lero. Za majenereta ndiye musanene. Chimphepo cha Ana chitaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo aliyense wa bizinesi amene anali ndi kangachepe anagula jenereta. Majenereta amenewo sanabwerere kusitolo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Sadzi anayankha:

Bambo obwereketsa masipika mwanena zoona kuti tonse tili ndi mbali, koma mfundo yanu ya makoma ikugwira ntchito mokutsutsani. Ngati nyumba zathu zimalowetsa mawu mosavuta kuposa za ku Ulaya, ndiye kuti ife tiyenera kusamala kwambiri kuposa iwo, popeza wosauka alibe khoma lomuteteza ndipo sangasamukire ku Mulunguzi. Sindikuvomerezanso kuti popeza 30 sitingamufikire ndiye tingosiya. Kutsitsa ndi madesibelo 10 okha kumamveka m'khutu ngati phokoso latsika ndi theka, ndipo kwa munthu amene akufuna tulo kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Mayi anafunsa za ana, ndipo funsoli silinayankhidwe mokwanira. Mwana kugona pakati pa phokoso sikutanthauza kuti wapuma. Ndinaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri, ndipo ana ochokera kufupi ndi malo achisangalalo ndinkawadziwa Lolemba popanda kuwafunsa: maso ofiira, mutu pa desiki isanakwane nthawi yopuma, ndipo ukawafunsa zimene munaphunzira Lachisanu amangokuyang'ana. Tulo tofa nato ndi timene timakhazikitsa m'mutu zimene mwana waphunzira masana.

Phokoso la masana nalonso limawabera. Mu 1975 mayi wina wofufuza, Arline Bronzaft, anayerekeza ana a sukulu ina ya ku New York imene inali m'mbali mwa njanji. Ana a m'makalasi oyang'ana kunjanji anali m'mbuyo pa kuwerenga poyerekeza ndi anzawo a mbali yachete ya sukulu yomweyo, ndipo a kalasi lachisanu ndi chimodzi anatsalira pafupifupi chaka chathunthu. Atayala mphira panjanjipo ndi kukonza siling'i ya makalasiwo, kusiyanako kunatha. Ku Munich, m'dziko la Germany, bwalo lakale la ndege linatsekedwa mu 1992 n'kutsegulidwa latsopano, ndipo ofufuza anapeza kuti ana a kufupi ndi bwalo lakale anayamba kuchita bwino pa kuwerenga ndi kukumbukira, pamene a kufupi ndi latsopano anabwerera m'mbuyo. Chimene chimandilimbikitsa pa nkhani ziwirizi n'chakuti phokoso litachepa ana anachira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anaphunzitsapo sitandade 1: wamkulu akaphonya liwu limodzi m'chiganizo amalidzaza yekha chifukwa chinenerocho amachidziwa, koma mwana amene akuphunzira kumene kusiyanitsa maliwu alibe chodzazira. WHO imati m'kalasi phokoso lakumbuyo lisapose madesibelo 35. Ife tili ndi makalasi a ana ochuluka, malata opanda siling'i amene mvula ikagwa phunziro limaima, ndiye kunja kukhalenso chigayo. Zimandimvetsa chisoni kuti mumzinda momwe muli likulu la MANEB ndi yunivesite, mwana wokonzekera mayeso a MSCE amachita kudikira 3 koloko m'bandakucha kuti apeze bata lowerengera.

Za kayendetsedwe ka nkhaniyi, Mayi, musapite nokha ndipo musayambire kupolisi. Fufuzani mabanja ena amene ali ndi odwala, makanda kapena ana a mayeso, ndipo mudzapeza kuti ena mwa amene amakusekani masana nawonso amatembenukatembenuka usiku. Pitani limodzi kwa amfumu a m'dera lanu kuti aitane onse okhudzidwa, eni malo onse omwera mowa a mumsewu umenewo pamodzi ndi atsogoleri a mpingo, kuti pasakhale woona ngati akusalidwa kapena kulandidwa makasitomala. Musapemphe kuti atseke, pemphani ola loti nyimbo zizitsika ndi kulowa m'nyumba. Kwa abusa, nkhani ya gogo wodwala muifotokoze monga pempho la chifundo, ndipo ngati n'kotheka muwaitane adzawaone gogowo kunyumba nthawi imene zokuzira mawu zawo zikulira, amve okha mmene zimamvekera kuchipinda. Zikakanika, khansala wa dera lanu ndi khonsolo ya mzinda ndiwo otsatira, chifukwa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo ziphaso zogulitsira mowa zimachokera kukhonsolo komweko, zili ndi maola ake. Palinso lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndipo limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga thanzi. Dandaulo lolembedwa, losainidwa ndi mabanja angapo, lokhala ndi masiku ndi maola, limamveka kuposa la pakamwa.

Mayi wa ku Matawale anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Kope ndiyamba kulemba sabata ino, ndipo chipinda changa ndawapatsa kale mayi. Kwa amfumu ndipita ndi amayi ena amene ali ndi khanda. Bambo obwereketsa masipika, popeza inu zidazi mumazidziwa, ndithandizeni: tikakakhala pansi ndi anthuwa tikapemphe chiyani chenicheni chimene angathe kuchita osataya makasitomala? Chimene chimawavuta kwambiri mayi ndi kugunda kuja kumene kumamveka m'chifuwa ngakhale mawu a nyimbo asakumveka.

Wobwereketsa zokuzira mawu anayankha:

Mayi, kugunda kumeneko kumachokera ku mabokosi aakulu a besi, ndipo ndiko kovuta kutchinga chifukwa mawu otsika otere amadutsa khoma ndi malata mosavuta, pamene mawu okwera amatsekeka ndi chitseko chabe. Zotseka m'makutu nazo sizikuletsa kwenikweni. Choncho musakapemphe kuti azimitse nyimbo, kapempheni kuti ikakwana 10 koloko usiku atsitse besi payokha, chifukwa pa makina osakanizira mawu ili ndi kabatani kake, ndipo omwa mowa ali mkati adzamvabe nyimbo yawo bwinobwino. Masipika achoke pakhonde alowe mkati, ayang'ane kumene kuli makasitomala osati kumsewu, ndipo bokosi la besi lisagunde khoma kapena kukhala pasimenti penipeni, aliike pa matayala akale kapena pa mphira. Panja, mtunda wochokera pa sipika ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, motero kungolisunthira kumbuyo kwa nyumbayo kumathandiza.

Kutchalitchiko, ngati ali ndi sipika ya lipenga yomangirira padenga kapena pamtengo, imeneyo ndiyo yoyamba kupempha kuti izizimitsidwa usiku, chifukwa ntchito yake ndi kuponya mawu kutali ndipo amene ali mkati saifuna. Kagulu kosadzaza mabenchi kamakwanira ndi sipika imodzi yaing'ono. Jenereta aimangire kakhoma ka njerwa mbali yoyang'ana kwa inu, pamwamba ndi mbali inayo pakhale potseguka. Asailowetse m'nyumba pofuna kuchepetsa phokoso, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Mitengo ya mpanda imene ena angakuuzeni kuti mubzale imabisa maso chabe, mawu amadutsa. Ngati eni nyumba angalole, siling'i kuchipinda cha gogo ndi kutseka mipata ya m'mbali mwa mawindo oyang'ana kumsewu zingathandize kuposa makatani, bola musiye polowera mpweya mbali ina ya nyumba.